Kuthokoza mmisiri wolemba pa nkhafi ku Cambridge

Banja lathu likuthokoza ndi mtima wonse bambo amene analemba pamanja nkhafi ya mwana wathu wamkazi, gulu lake litachita bwino pa May Bumps, mpikisano umene mabwato a makoleji a yunivesite ya Cambridge ku England amathamangitsana mondondozana pa mtsinje wa Cam. Mwambo wake ndi wakuti bwato likagunda bwato la patsogolo pake tsiku lililonse kwa masiku anayi, opalasawo amapatsidwa ulemu wokhala ndi nkhafi yopakidwa utoto wa koleji yawo. Bambowa analemba ndi zilembo zagolide maina a opalasa asanu ndi atatu, kulemera kwa aliyense, woongolera bwato, mphunzitsi, ndiponso makoleji amene mabwato awo anagundidwa. Dzina la banja lathu, limene ambiri amalilakwitsa, anatifunsa kalembedwe kake kawiri asanagwire burashi. Zikomo kwambiri, bambo.