Sabata ya kakeke ka mwana wa chaka chimodzi

Lolemba m'mawa, ndisanatsegule n'komwe situdiyo, uthenga unalowa pa WhatsApp. Mayi wina wa ku Area 25 muno mu Lilongwe amafuna cake smash, zithunzi za mwana akuphwanya keke, ya mwana wawo wamkazi amene amakwanitsa chaka Loweruka. Anatumiza zithunzi zitatu zimene anaziona pa Instagram: kamwana pakati pa zibaluni, kirimu mpaka m'makutu, kakuseka timano tiwiri tili poyera. "Tikufuna ngati zimenezi. Tibwere nthawi yanji?"

Ndinawaimbira. Mitengo tinakambirana pomaliza, chifukwa ndinali ndi mafunso anga. Mwanayu amagona nthawi yanji masana? Analawapo keke? Mazira, mkaka wa ng'ombe ndi mtedza anayamba kudya, ndipo sizimutulutsa zidzolo? Akaona munthu wachilendo amatani? Mayiwo anaseka n'kunena kuti ndikufunsa ngati anamwino a kusikelo. Keke anali asanalawepo, ndipo mlendo akangomuyang'ana amabisa nkhope m'chitenje cha amayi ake.

Mwambowu unachokera ku America. Mwana amamuikira kakeke kake patsogolo kuti akafinye, akamwaze, adzipake, wojambula akujambula. Chimene zithunzi za pa intaneti sizionetsa n'chakuti ana ambiri a msinkhuwu amanyansidwa ndi chinthu chozizira chomata m'manja, ndiponso ndi nthawi imene chilendo chimakhala chitawagwira kwambiri. Mwana wa chaka sungamuuze kuti mwetulira. Chimene ungachite ndi kumukonzekeretsa sabata yonse kuti pofika tsikulo, keke, chipinda ndi iwe wojambula musakhale zinthu zitatu zachilendo zomugwera nthawi imodzi.

Lachiwiri ndinalankhula ndi amene amaphika keke, ndipo pamenepa sindinyengerera. Keke ikhale yaing'ono, ya masentimita 15 m'mimba mwake, yofewa, yopakidwa kirimu wa batala. Fondant, shuga wokanda uja amakutira keke, ayi: ndi wolimba, zala za mwana sizingaboole, ndipo chidutswa chake chingamutsamwitse. Timitengo togwirizira keke mkati, timikanda ta shuga tokongoletsera, zonsezi zisapezeke. Uchi ndinakaniratu, chifukwa mwanayu amayenera kulawa kekeyo asanakwanitse miyezi 12, ndipo azaumoyo amaletsa uchi kwa ana osafika chaka poopa matenda a botulism. Mtundu nawo ndi nkhani. Kirimu wofiira akapakika kukamwa amaoneka ngati magazi, wa chokoleti amaoneka ngati za m'thewera. Tinagwirizana wachikasu chotuwira. Ndinapemphanso kuti pa ufa womwewo aphikepo tikeke tiwiri ting'onoting'ono toti mwana akayesere kunyumba.

Lachitatu madzulo mayi aja ananditumizira kavidiyo. Kamtsikanako kanakhudza kirimu ndi chala chimodzi, kanayang'ana chalacho, kenako kanakuwa ngati kalumidwa ndi linthumbu. Mayiwo mtima unawagwa, amafunsa ngati tingolepheretsa. Ine kavidiyoko kanandisangalatsa, chifukwa kulira kumeneko kunachitikira pamphasa ya kwawo, osati kutsogolo kwa kamera yanga. Ndinawauza kuti asamukakamize kapena kumugwira dzanja n'kuliviika. Amuikire phala lozizira kapena nthochi yofinya m'mbale, iwo ayambe kuseweretsa okha akuseka, mwana aziona. Mawa lake ayesenso ndi kakeke kachiwiri, ndipo ayang'anire pakhungu ndi m'mimba ngati pali chosintha.

Ntchito zina sizinaime. Ndinajambula anthu angapo zithunzi za ma ID, n'kumaliza kukonza zithunzi za chinkhoswe cha sabata yatha.

Lachinayi anabwera naye kudzangocheza kwa mphindi 15. Kamera ndinaisiya patebulo. Ndinakhala pansi chapatali, osamuyang'ana m'maso, ndikugubuduza kampira. Anayamba ali pamsana, kenako pamiyendo, ndipo atatsala pang'ono kunyamuka anakwawa n'kudzatenga kampirako pafupi ndi phazi langa. Ndinayatsa fulashi kawiri iye ali m'manja mwa amayi ake kuti aizolowere. Ulendo umenewu sindilipiritsa, ndipo ndimaona kuti ndi umene umapulumutsa tsiku lenilenilo.

Lachisanu magetsi anazima kuyambira masana, ndiye mabatire ndinakatchajira kwa mnzanga. Ndinayala pulasitiki yoyera yosaterera, n'kupachika kumbuyo chitenje chachikasu chimene mayiwo anabwera nacho, chomwe anamuberekera potuluka m'chipatala. Zibaluni ndinazimangirira m'mwamba posafikira mwana, chifukwa chibaluni chikaphulika mwana amadzidzimuka, ndipo zidutswa zake amathamangira kuika m'kamwa.

Tinapangana Loweruka 9 koloko m'mawa, atadzuka bwino ndipo atayamwa pang'ono, wosakhala ndi njala komanso wosakhuta. Okutobala wa Lilongwe salola kuchedwa: ikamakwana 11 kirimu wa batala amayamba kuyenderera. Keke tinaitulutsa m'firiji kukadali ola limodzi kuti ifewe.

Anabwera anthu asanu ndi mmodzi. Ndinapempha mwaulemu kuti m'chipinda mutsale awiri, chifukwa anthu ambiri akamaitana mbali zonse mwana amasokonezeka. Anatsala mayi ake ndi agogo ake, amene anachokera ku Dedza chifukwa cha tsikuli. Agogowo ataona keke ikuikidwa pansi anandiyang'ana. "Mwananga, chakudya amaseweretsa? Ife tinakula akutiuza kuti nsima ikagwa pansi uzitola."

Funso limeneli sindilitenga mopepuka, chifukwa nanenso anandilera choncho. Ndinagwada n'kuwafotokozera kuti kekeyi tinaichepetsa dala, kuti ili pambale yoyera, ndipo mbali imene mwana sakhudza tidula n'kukulungira kuti akadyere tiyi kunyumba. Sanayankhe, koma anakhala pansi pafupi ndi mdzukulu wawo, kunja pang'ono kwa chithunzi.

Tinayamba ndi zithunzi za diresi loyera kukadali kopanda zothimbirira, kenako tinamusiya ndi kakabudula kobisa thewera. Ndinagona chafufumimba kuti kamera ifanane ndi maso ake, shutter (liwiro lojambulira) pa 1/250 ya sekondi chifukwa manja a mwana sadikira munthu. Mphindi zisanu zoyamba anangoyang'ana kekeyo. Kuseri kwake ndinali nditabisa tizidutswa ta nthochi. Anatola kamodzi, chala chinatenga kirimu, ananyambita, anakwinya nkhope, koma sanalire. Masiku atatu a phala ndi nthochi aja anagwira ntchito pamenepo. Komabe dzanja lonse amakana.

Agogo ndi amene anatulutsa nzeru. "Mpatseni mthiko," anatero. "Kunyumba amalimbirana nane ndikamatakasa." Ndimasunga kamthiko kakang'ono m'kabati. Atangokagwira anamenya keke pakati, kirimu anathovokera pamphuno, ndipo anaseka mokweza mpaka aja anali panja anasuzumira pazenera. Agogo anayamba kuomba m'manja akuimba chapansipansi, mwana akumenya motsatira. Kenako anataya mthiko, anatapa keke ndi dzanja lonse, anakwawa kutuluka pamalo pamene ndinakonza, n'kukaika dzanjalo pakamwa pa agogo ake. Ndinatembenuza kamera. Kuwala kumeneko sikunali kolinganizidwa bwino, ndipo chitseko chikuoneka kumbuyo, koma ndinajambula.

Patatha mphindi 20 anayamba kutikita m'maso, ndipo tinalekera pomwepo. Mwana akatopa sindimupitiriza, ngakhale makolo atapempha chimodzi chomaliza. Tinamuika m'beseni la madzi ofunda osafika m'chiuno, dzanja la amayi ake lili pamsana nthawi yonse, ndipo pamenepo ndinapezanso zithunzi zingapo akumwaza madzi. Theka la keke linakulungidwa, linapita ku Area 25.

Usiku womwewo ndinasankha zithunzi 25 n'kutumiza zoyamba zisanu. Lamulungu masana mayi aja anaimba kuti agogo akubwerera ku Dedza Lachiwiri, ndipo akufuna chithunzi chowadyetsa keke chija chitsukidwe chachikulu, cha pa khoma. Ndinawafunsa ngati ndichotse chitseko chija pa kompyuta. Ndinamva akuwafunsa, kenako mawu a agogo chapatali akuti ndichisiye momwemo. Mawa m'mawa ndikachitsukitsa ndi kuchiika m'felemu.