Tinakaona Harrier ku Brooklands

Loweruka lapitali gulu lathu la Amalawi okhala kuno ku England linapita ku Brooklands Museum, ku Weybridge m'dera la Surrey. Tinanyamuka mochedwa, monga mwa masiku onse, poti wina anaiwala poto wa mpunga. Titafika, ana onse anathamangira ku ndege yaliwiro yonyamula anthu yotchedwa Concorde. Ine, poti ndine makaniko, ndinakanirira pa kandege kankhondo kotchedwa Harrier, kamene kamanyamuka chokwera ngati helikopita, osathamanga pabwalo.

Imene ndinaona kumeneko ndi ya mipando iwiri, yolembedwa G-VTOL, yomwe kampani inkaonetsera ogula. Kholo la ndege zimenezi ndi P.1127, imene kampani ya Hawker inaipanga ku Kingston n'kuiyesa ku Dunsfold mu 1960. Ulendo woyamba anachita kuimanga ndi zingwe ngati mbuzi. Asilikali a ndege a Britain, a RAF, anayamba kugwiritsa ntchito Harrier mu 1969, ndipo mu 1982 inatchuka pa nkhondo ya Britain ndi Argentina ku zilumba za Falklands, ikunyamukira pa sitima za HMS Hermes ndi HMS Invincible.

Ndinawerama kusuzumira m'mbali mwake. Injini ndi imodzi yokha, Pegasus, koma mpweya umatulukira m'mipope inayi yokhota, iwiri uku iwiri uko. Yakutsogolo imatulutsa mpweya wochokera ku fani, yakumbuyo utsi wamoto. Woyendetsa akakoka kachitsulo kamodzi, yonse inayi imazungulira limodzi n'kuloza pansi, ndege n'kuima m'malere. Chimene chinandiseketsa n'chakuti mipopeyo imazunguzidwa ndi matcheni, ofanana ndithu ndi a njinga yamoto. Ikaima choncho mapiko alibe ntchito, ndiye kumphuno, kumchira ndi kunsonga za mapiko kuli timabowo topemerera mpweya kuti isapendekeke. Imanyamulanso thanki ya madzi othira mu injini ikamagwira ntchito yolemetsa chotere.

Nkhani ya masipeya ndiyo inatichedwetsa pa nkhomaliro. Boma la Britain linasiya kuulutsa Harrier mu December 2010 pofuna kuchepetsa ndalama za asilikali. Chaka chotsatira linagulitsa ndege 72 kwa asilikali a ku America, a Marines, pa mtengo wa mapaundi pafupifupi 110 miliyoni. Sanagule kuti aziulutsa ayi. Ankafuna zoti azimasulako zitsulo n'kumaika pa ma Harrier awo otchedwa AV-8B, poti fakitale inali itasiya kale kupanga ndegezi, pomwe ndege ya F-35B yodzalowa m'malo inali isanakonzeke. Zinakaikidwa ku chipululu cha Arizona, kumene dzimbiri silifulumira. Kwa ine mtengowo unali wotaya, chifukwa zambiri zinali zitangokonzedwa kumene.

Bambo wina wachikulire m'gulu lathu, amene kale ankayendetsa minibasi pakati pa Limbe ndi Zomba, anamvetsera mwakachetechete akudya chiwaya chake cha tchipisi. Kenaka anati, "Achimwene, ndiye kuti nawonso azungu amachita za ku Ndirande? Ine ndinali ndi minibasi ziwiri, ina pamsewu, ina pa njerwa kuseri kwa nyumba. Ya pa njerwayo ndi imene inkadyetsa inzake."

Tisanakwere galimoto anandikoka dzanja kuti tibwerere, ndikawalozere pamene pamadutsa tcheni paja.