Tsiku la kemo likakwana koma uli kutsidya la Shire

Azakhali anga afikanso dzulo madzulo kuno ku Ndirande, ulendo wachinayi tsopano. Amakhala ku Makhanga ku Nsanje ndipo akulandira kemo, mankhwala aja a m'dilipu olimbana ndi khansa, ku Queens chifukwa cha khansa ya khomo la chiberekero. Masabata atatu alionse ayenera kubwera. Ndiye tangoganizani, kudzuka tambala woyamba, kabaza mpaka kudoko, bwato kuwoloka kupita ku Bangula, kenako minibasi yoima paliponse kudzera ku Nchalo, Chikwawa, kukwera zitunda zija za ku Thabwa injini ikulira ngati ikufa, munthu wake wodwala, wakhala pampando wa anthu atatu koma mwapanikizana anayi.

Atatsika ndinaona mapazi atatupa, patapata atadinda mizere pakhungu. M'manja kajumbo, momwemo muli buku lachipatala lokutidwa ndi pepala la shuga kuti lisanyowe pabwato. Ndinati, "Azakhali, mwayenda bwanji?" Iwo anangoti, "Tafika mwanangu, bola tafika." Nsima anangotema mbamu ziwiri basi.

Usiku tulo osabwera, ndinali pa foni, ndiye ndinapeza nkhani ya Angel Flight ya ku Australia. Anthuni, mtima unandiwawa komanso kukoma nthawi imodzi. Bungweli analiyambitsa Bill Bristow mu 2003, ndipo zimene amachita n'zoti anthu omwe ali ndi tindege tawotawo amadzipereka kunyamula odwala akumidzi yakutali kupita nawo kumizinda komwe kuli madokotala, ulele, wodwala salipira kanthu. Si ambulansi ayi, si za ngozi, ndi za anthu ngati azakhali angawa, oti tsiku lawo analembedwa kale koma mtunda ndiye wavuta. Akatera pabwalo pamakhalanso ena odzipereka ndi galimoto zawo kuwafikitsa pakhomo la chipatala. Ku America kulinso Corporate Angel Network, inayamba mu 1981, iwowo amapempha mipando yopanda anthu m'ndege za makampani n'kukwezamo odwala khansa. Mpando woti ukanapita wopanda munthu, eti.

Mfundo ya mpando wopanda munthuyi ndi imene yandigwira kwambiri. Chifukwa kemo safuna kudumphitsa, mankhwala aja amawapatsa motsatana kuti matenda asapeze mpata wophukanso. Koma kwathu kuno munthu amadumpha tsiku osati chifukwa chonyozera, ndalama ya transipoti ya anthu awiri, iye ndi gadiyani, yasowa, kapena madzi adzadza. Tonse tikukumbuka namondwe Freddy mu 2023 momwe anadulira misewu kuchigwa kuja. Nanga wa ku Likoma wodikira Ilala? Nanga wa ku Chitipa?

Ndikudziwa, kuno eni ndege ndi owerengeka, mafuta a galimoto enieniwo timagonera pamzere. Koma ndimati ndikamva ndege ikutsika ku Chileka ndimaganiza kuti kuchoka ku Nsanje kufika kuno pandege si ulendo wotha ola n'komwe, pomwe azakhali amathera tsiku lathunthu. Ndipo ngakhale tisiye za ndegezo, ndi galimoto zingati za mabungwe, za mipingo, za makampani zimene zimakwera msewu wa Chikwawa tsiku lililonse muli dalaivala ndi bwana yekha kumbuyo? Zingati? Ine zimandipweteka zedi.

Ndalankhula kale ndi amayi a kumpingo kwathu, tagwirizana kuti Lamlungu tikalengeze, aliyense wopita kuchigwa kapena wochokera kumeneko azilemba pa gulu lathu la WhatsApp tsiku lake ndi mipando imene yatsala. Pali bambo wina amapita ku Bangula kukatenga mbuzi, wavomera kale kuti mpando wakutsogolo ndi wa azakhali akamaliza dilipu yawo mawa.

Panopa agona pamphasa, akuti bedi limawatenthetsa. Buku lija aliika pansi pa pilo.