Musanatenge Galu: Phindu Lake pa Moyo Wanu ndi Zimene Adzafuna kwa Inu

Ambiri kuno timatenga galu chifukwa cha akuba. Palibe cholakwika, koma phindu lalikulu la galu pakhomo limabwera masana, pamene ambirife tamutsekera m'khola. Galu amene mumayenda naye amakudzutsani m'mawa, amakutulutsani panja ngakhale tsiku limene thupi likukana, ndipo mphindi 30 zoyenda naye masiku asanu pa sabata zikukwana kale mphindi 150 zimene bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza munthu wamkulu kuti azilimbitsa thupi. Kwa munthu wa BP kapena shuga, amene adokotala anamuuza kuti aziyenda koma sayenda, galu ndi mnzake wosamva zifukwa. Mu 2013 bungwe la American Heart Association linanena kuti kukhala ndi chiweto cha pakhomo, makamaka galu, kukuoneka kuti kumayendera limodzi ndi kuchepa kwa chiopsezo cha matenda a mtima. Ku Sweden, kafukufuku wa mu 2017 amene anatsatira anthu oposa 3 miliyoni anapeza kuti phinduli linkaoneka kwambiri mwa anthu okhala okha.

Zimenezi n'zomveka. Agogo amene ana awo onse ali ku Lilongwe kapena ku Joni, munthu amene wangopuma pa ntchito, mayi amene waferedwa: tsiku lawo limasowa pogwira. Chiweto chimafuna kudya pa nthawi yake, chimakulandirani pageti, chimakhala pafupi osafunsa mafunso. Kusisita galu kapena mphaka wozolowera kumatsitsa mtima pansi. Mwana amene wapatsidwa udindo wosintha madzi m'mbale ya galu tsiku lililonse amaphunzira kuti chamoyo sichidikira kuti iye amalize kusewera. Komabe galu si mankhwala. Munthu amene akuvutika kwambiri maganizo akufunika anthu ndi chipatala, ndipo kum'patsa kagalu kolira usiku wonse kukhoza kungowonjezera mtolo.

Zabwino zonsezi zimachokera kwa galu amene mumakhala naye. Galu wongokhalira pa tcheni pansi pa mtengo wa mango, kapena wotsekeredwa m'kakhola ka malata kuyambira mbandakucha mpaka usiku kuti "akhale wolusa", sakupatsani chilichonse mwa izi. Amakhala wamantha, ndipo galu wamantha ndiye amaluma mwana wa neba, wowerenga mita ya madzi, ngakhale mwana wanu. Zom'dyetsa tsabola kapena chamba kuti aluse n'kungomuzunza. Mlonda wabwino ndi galu amene amadziwa anthu a pakhomo ndi alendo amasiku onse, kotero akauwa usiku mumadziwa kuti kunja kulidi kanthu. Paja akulu anati galu wamkota sakandira pachabe.

Tsono musanapite kukatenga, yambani ndi malo. Ngati muli pa lendi, funsani alandilodi, ndipo ngati mpanda ndi umodzi ndi mabanja ena, funsaninso iwowo. Yang'anani mpanda: galu wamng'ono amadutsa pansi pa geti, wamkulu amakumba. Galu wotuluka amagundidwa ndi galimoto, amatenga matenda, amagwira nkhuku za eni, ndipo milandu yambiri ya pakati pa anthu oyandikana imayambira pa nkhuku imodzi. Galu amakhala zaka 10 mpaka 13, wachikuda wosamalidwa bwino nthawi zina kupitirira. Mudzasamuka, mudzakwatira, mudzapita kumudzi pa Khirisimasi kapena kumaliro masiku angapo. Adzamudyetsa ndani? Ngati m'nyumba muli wodwala mphumu, muyambe mwaona mmene amachitira akakhala pafupi ndi galu wa anzanu.

Pa mtundu, maganizo anga ndi akuti kwa mabanja ambiri galu wachikuda ndiye woyenera. Amapirira kutentha, amalimba ku matenda a nkhupakupa kuposa agalu achizungu, sadya zambiri, ndipo kuuwa amauwa mofanana. Galu wamkulu wa mtundu wa Boerboel amaposa makilogalamu 60. Amadya ngati munthu wogwira ganyu yolima, ndipo akakoka chingwe mwana kapena agogo sangamugwire. German Shepherd ndi wanzeru koma amavutika ndi mafupa a m'chiuno, makamaka ngati makolo ake anali apachibale, zimene zimachitika kawirikawiri pamene anthu akungobereketsa kuti agulitse. Rottweiler ndi pitbull si agalu a munthu amene akuweta koyamba.

Tiagalu togulitsidwa m'mbali mwa msewu, tonyamulidwa m'manja pa dzuwa, tisiyeni. Tambiri tinachotsedwa kwa mayi wake tisanakwane nthawi, simudziwa kumene tachokera, ndipo kagalu kakang'ono kakhoza kukhala ndi chiwewe ngakhale kakuoneka kofatsa. Kagalu kasamachoke kwa mayi wake kasanakwane masabata 8. Pitani kumene kanabadwira, muone mayi wake, mufunse khadi la katemera. Kagalu kabwino kamakhala ndi maso owala opanda manthongo, nkhama zofiirira, kumbuyo kouma. Kamimba kotupa pamene nthiti zikuonekera ndi njoka za m'mimba. Mabungwe oteteza ziweto ku nkhanza, la LSPCA ku Lilongwe ndi la BSPCA ku Blantyre, amakhala ndi agalu ofuna pakhomo, ndipo galu wamkulu kale ali ndi ubwino wake: khalidwe lake mumalionera pomwepo.

Miyezi inayi yoyamba ndi imene agalu ambiri amafera, ndipo chimene chimawapha kwambiri ndi matenda otchedwa parvo. Kagalu kamasiya kudya, kamasanza, kenako kamatsegula m'mimba magazi onunkha kwambiri, ndipo pa masiku awiri kapena atatu katha chifukwa cha kutha madzi m'thupi. Kachilombo kake kamakhala m'dothi miyezi yambiri, n'chifukwa chake anthu amadabwa kuti kagalu kachiwiri kafanso pakhomo pomwepo n'kuyamba kuganizira anthu. Katemera wake amayamba pa masabata 6 mpaka 8, n'kubwereza pakatha masabata atatu kapena anayi aliwonse mpaka kagalu katakwana masabata 16. Jakisoni mmodzi sakwanira, chifukwa chitetezo chimene kanayamwa kwa mayi wake chimatha kufooketsa katemera woyambayo. Katemerayu amafuna kusungidwa mozizira. Wogulidwa kwa munthu amene wayenda naye m'thumba tsiku lonse ndi madzi chabe. Kasanamalize katemera, kasamayende m'misewu, koma kazolowetseni anthu pakhomo pomwepo: ana, alendo, phokoso la njinga yamoto, nkhuku. Zimene kagalu kazolowera kasanakwane miyezi itatu kapena inayi sikadzaziopa kakakula.

Mankhwala a njoka za m'mimba amaperekedwa masabata awiri aliwonse mpaka kagalu katakwana miyezi itatu, kenako mwezi uliwonse mpaka miyezi 6, kenako miyezi itatu iliyonse moyo wake wonse. Mlingo umatengera kulemera, choncho muyezeni: kwerani pa sikelo mutamunyamula, kenako nokha, n'kuchotsera. Zina mwa njokazi zimalowa mwa ana amene amasewera pa dothi, choncho zitosi zake muziwola tsiku lililonse.

Chiwewe ndiye nkhani imene sitingaichite mwamasewera. Chimapha anthu pafupifupi 59,000 pa chaka pa dziko lonse, ambiri mu Africa ndi Asia, pafupifupi onse atalumidwa ndi galu, ndipo anayi mwa khumi aliwonse ndi ana osakwana zaka 15. Zizindikiro zikangoyamba, palibe mankhwala. Galu amabayidwa katemera wa chiwewe akakwana miyezi itatu, kenako chaka chilichonse, ndipo khadi lake muzisunga pamodzi ndi mabuku a kuchipatala. Bungwe la Mission Rabies linayamba kutemera agalu ambirimbiri mumzinda wa Blantyre mu 2015, ndipo akatswiri amati agalu 70 mwa 100 aliwonse m'dera akatemeredwa, matendawa amasiya kufala. Mukamva kuti a vetenale akutemera pa sukulu kapena pa bwalo, pitani naye. Wina akalumidwa kapena kukalidwa, tsukani bala ndi sopo ndi madzi ambiri kwa mphindi 15 zathunthu, kenako pitani kuchipatala tsiku lomwelo, ndipo kadziwitseninso ku ofesi ya vetenale. Musamuphe galu wolumayo ngati n'kotheka kumutsekera bwinobwino: amayang'aniridwa masiku 10, ndipo akakhalabe wathanzi ndiye kuti analibe chiwewe m'malovu pa tsiku limene analuma. Koma katemera wa munthu sadikira masiku amenewo.

Chakudya ndi pamene bajeti imaonekera. Mkute wa nsima wothira madzi otsukira mbale sumanga thupi la galu. N'chifukwa chake agalu ambiri a m'makomo ndi oyoyoka ubweya. Ngati simukwanitsa chakudya cha m'matumba, phikani phala la mgaiwa kapena madeya lopsa bwino, magawo awiri, n'kusakaniza gawo limodzi la zomanga thupi: bonya, usipa, zam'kati za nkhuku, mazira, zodula za kubutchala, ndi masamba pang'ono kapena dzungu. Nsomba zamchere muyambe mwaviika. Kagalu ka miyezi iwiri kamadya kanayi pa tsiku, kuyambira miyezi itatu katatu, kakapitirira miyezi 6 kawiri. Poyeza ngati akukhuta, sisitani m'mbali: nthiti muzizimva ndi zala, koma zisamaonekere patali. Madeya muziwanunkhiza. Achuku amakhala ndi poizoni wowononga chiwindi, ndipo mu 2024 boma la Zambia linalengeza kuti agalu pafupifupi 400 anafa atadya zakudya za chimanga choipitsidwa ndi chuku chotere. Madzi akhalepo nthawi zonse. Galu wa makilogalamu 20 amamwa lita imodzi kapena kuposa pa tsiku, mu Okutobala zochulukirapo.

Mafupa ophika, makamaka a nkhuku, amasweka mosongoka n'kubaya matumbo. Anyezi ndi adyo wambiri amawononga magazi a galu, choncho msuzi wotsala wa ndiwo zathu si wabwino monga timaganizira. Chokoleti ndi poizoni. Mkaka wa ng'ombe umatsegula m'mimba tiagalu tambiri. Galu akadwala musam'patse Brufen kapena Panado wa m'nyumba. Panado amapha mphaka ngakhale pang'ono chabe. Mankhwala a makoswe, makamaka temeki, amapha agalu ambiri, ena mwangozi, ena akuba ataponya nyama kudutsa pa mpanda. Galu akayamba kutuluka dovu, kunjenjemera ndi kusanza mwadzidzidzi, thamangirani kwa dokotala wa ziweto osataya nthawi ndi kum'mwetsa mkaka.

Nyengo ya mvula imabweretsa nkhupakupa ndi mphutsi. Nkhupakupa zimabisala m'makutu, pakati pa zala ndi m'khosi, ndipo zimapatsira matenda otha magazi. Galu akafooka, akakana kudya, tukulani mlomo wake muone nkhama: zikayera kapena kuchita chikasu, ameneyo akufunika jakisoni lero. Dibi wa ng'ombe amagwira ntchito pokhapokha ngati botolo lalemba kuti ndi wa agalunso, ndipo musungunule monga mwalembedwera. Wokhathamira amapha, ndipo mankhwala ena a utitiri a agalu amapha amphaka. Mphutsi zimachokera ku ntchentche imene imaikira mazira pa mchenga kapena chiguduli chonyowa ndi mkodzo. Zimaoneka ngati kachithupsa kokhala ndi kabowo pakati. Pakani Vaseline pa kabowopo, dikirani pang'ono, finyani ituluke yathunthu, n'kutsuka. Pogona pake pakhale pouma, pokwera pang'ono, pa mthunzi.

Galu wamkazi amayamba kufuna amuna pa miyezi 6 mpaka 12, kawirikawiri kawiri pa chaka, ndipo bere lake ndi masiku 63. Pa masabata pafupifupi atatu amene amakhala akufuna amuna, agalu onse a m'dera amasonkhana pageti panu. Ngati simukudziwa kumene mudzapereke ana asanu kapena asanu ndi atatu kawiri pa chaka, kam'tseketseni kwa dokotala wa ziweto, ndipo wamwamuna kam'fulitseni komweko, osati ndi lezala kapena mphira kunyumba. Galu wofulidwa sasiya kulonda. Chimene chimachepa ndi kuyendayenda usiku ndi ndewu. Zimamutetezanso ku chotupa chotuluka magazi kumaliseche chimene agalu amapatsirana pokwerana, chimene n'chofala kwambiri mwa agalu oyendayenda m'matauni mwathu. Funsiranitu mtengo wa opaleshoniyi pamodzi ndi wa akatemera onse a chaka choyamba, muuphatikize ndi wa chakudya cha mwezi, musanalonjeze ana kuti Loweruka kubwera kagalu.