Golide wa m'chigwa cha Lisungwi

Kuchoka ku Blantyre kupita ku Lisungwi si patali. Tinadutsa pa Lunzu ndi pa Lirangwe, n'kuwoloka Shire pa Zalewa, kenako tinakhotera msewu wa ku Mwanza. Ulendo umalimba mukangosiya tala. Njira yolowera kumtunda kwa mtsinje ndi miyala yokhayokha, ndipo wakabaza amene ananditenga anati dzinja likafika malo ena sayerekeza n'komwe.

Chigwa cha Lisungwi chili m'boma la Neno, m'munsi mwa mapiri a Kirk Range, omwe azungu anawatcha dzina la John Kirk, dokotala amene ankayenda ndi Livingstone. Ambirife Neno timaidziwa chifukwa cha manachesi ndi mbatatesi, koma golide wa kuno anadziwika kalekale. M'zaka za m'ma 1930, dzikoli likadali Nyasaland, azungu ankamufufuza ndi kumukumba m'mitsinje ya m'chigwa chino. Golideyu amachokera m'miyala ya m'mapiri. Miyala ikamafumbutuka, mvula imamukokolola, ndipo poti ndi wolemera amatsakamira pansi pa mchenga m'makhwawa.

Pamtsinje ndinapeza amayi atawerama m'madzi, chitenje atakwinyira m'mawondo. Amuna amakumba maenje ndi piki ndi fosholo, n'kumatuta dothi m'matumba. Mayi wina anandilola kukhala pambali pake. Ankazunguza beseni pang'onopang'ono, matope n'kumatayika, miyala akuichotsa ndi zala, mpaka pansi panatsala kamchenga kakuda. M'menemo ndi momwe munkanyezimira timadontho tachikasu, tochepa ngati gaga. Ndinachita kuyandikiza nkhope kuti nditione. Tsiku lonse msana uli chowerama, zopeza n'zimenezo.

Chomwe chinandiwawa ndi kagulitsidwe kake. Kuyambira mu 2021 Banki Yayikulu ya Malawi yakhala ikugula golide kwa okumba ang'onoang'ono kudzera ku bungwe lake la Export Development Fund, ndipo zimenezi n'zabwino. Koma mayi amene pakhomo pake ufa watha sangasunge timadontho take kudikira wogula wa boma. Amagulitsa kwa venda amene wafika pamtsinje pomwepo ndi kasikelo kake m'thumba, ndipo mtengo amanena ndi vendayo. Boma likadaika wogula wokhazikika kufupi ndi makhwawa ano, wokhala ndi sikelo yoona, komanso n'kukonza njira ija, amayiwa bwenzi akulandira ndalama yofanana ndi thukuta lawo.