Mipope ya ku Chingale ndi mlangizi amene ankabwereranso

Mu 1968, anthu a ku Chingale m'boma la Zomba anayamba kukumba ngalande zoyalamo mapaipi otenga madzi ku mtsinje wa m'phiri kukafika m'midzi mwawo, popanda injini kapena magetsi, chifukwa madziwo ankatsetsereka okha kuchokera kumtunda. Boma linapereka mapaipi ndi akatswiri oyeza malo, pomwe eni mudzi anabwera ndi makasu awo. Ntchitoyi itaoneka kuti yatheka, inafalikira ku Mulanje ndi m'maboma ena amapiri.

Ambiri akamakamba mbiriyi amatamanda mtima wodzithandiza wa makolo athu, ndipo sakulakwa. Koma ine ndimaona kuti chimene chinagwiriziza mipope ija chinali wogwira ntchito wa boma amene sankachoka tsiku lotsegulira likadutsa. Iye ankayendera pamene madzi amalowera m'paipi, ankaphunzitsa anthu osankhidwa m'mudzi kulumikiza paipi yophulika ndi kutsuka thanki ikadzaza matope, ndipo vuto likakula ankalitengera kwa injiniya. Upangiri wotere suoneka pa chithunzi, n'chifukwa chake ndi umene umayamba kusowa ndalama zikachepa.

M'zaka za m'ma 1990 udindo wosamalira madzi unaperekedwa kwa makomiti a m'midzi, ndipo lamulo la maboma aang'ono la 1998 linabwera ndi mfundo ya mphamvu ku anthu. Mfundoyi ndimaivomereza ndi mtima wonse. Mjigo wa Afridev, umene uli pafupifupi m'mudzi uliwonse, anaupanga mwadala kuti anthu wamba azitha kuumasula ndi kusintha timaraba tikatha. Komabe komiti ikhoza kusonkhetsa ndalama mwezi ndi mwezi, koma singadziwe chochita ngati mapaipi agwera pansi pa chitsime, ngati madzi ayamba mchere, kapena ngati wokumba analekeza panjira asanafike pa madzi okwanira. Pamenepo pamafunika mlangizi wa zamadzi wochokera ku khonsolo, wokhala ndi njinga yamoto, mafuta ndi zipangizo, ndipo m'madera ambiri munthu ameneyu ali ndi dera lalikulu kuposa limene angaliyendere.

Ndalama za chitukuko cha m'madera a aphungu zimakumba mijigo yatsopano chaka ndi chaka, nthawi zina pafupi ndi wina wakufa umene ukanadzuka ndi ndalama zochepa. Namondwe wa Freddy atakokolola mapaipi ku Mulanje ndi Phalombe mu 2023, anthu anali okonzeka kukumbanso, koma kuyeza njira yatsopano ya paipi pamalo pogumuka ndi ntchito ya katswiri. Ndikupempha makhansala ndi makomiti a chitukuko a m'madera kuti pokonza bajeti ya khonsolo aziyamba afunsa kuti alangizi a zamadzi alipo angati, ndiponso kuti anafika liti komaliza pa mjigo uliwonse.