Nyumba ya ku Luwinga yatha, zikomo nonse amene munatigwira mkono

Loweruka lapitali tinapereka makiyi a nyumba ya ku Luwinga, kuno ku Mzuzu, kwa eni ake. Ndi nyumba ya zipinda zinayi basi, koma kwa ife a pabanja pathu ndi nyumba imene tinkaona ngati ndiyo itseketse kampani imene bambo athu anaivutikira moyo wawo wonse. Ndiye ndati ndisagone nawo mawuwa, ndithokoze poyera. Maina sinditchula chifukwa ambiri a inu munatithandiza mwakachetechete, koma aliyense adzimva yekha.

Kwa amene simutidziwa bwino, bambo anayamba ngati bilidala wamba, woyenda pa njinga ndi levulo, tepi ndi chingwe m'chikwama, kumanga nyumba za anthu ku Chibavi, Chiputula ndi Zolozolo. Amene anasintha ntchito yawo ndi abale athu a ku Joni. Munthu ankatumiza ndalama chaka chonse kuti achibale amumangire, pobwera pa Khirisimasi n'kupeza maziko okha atamera udzu. Mmodzi wa anthu oterewa anawapempha bambo kuti, inu musagwire njerwa, mungondisungira ndalamazi ndi kuyang'anira ntchito yonse. Kuyambira pamenepo ntchito yathu yakhala imeneyo: kuyendera poloti, kuwerengera zipangizo zonse tisanakumbe, kulondola pulani ku khonsolo ya mzinda, kupeza amisiri, kugula katundu, kulipira anthu, mpaka kuthamangira madzi ku Northern Region Water Board ndi magetsi ku ESCOM. Amayi ankasunga malisiti m'chitini cha mabisiketi. Kampani inadzalembetsedwa ku NCIC, bungwe loyang'anira ntchito za zomangamanga, pambuyo pake, ine ndi mchimwene wanga titakula n'kulowamo.

Bambo ndi munthu wophunzira ndi maso. Chivomerezi chitagwedeza Karonga mu Disembala 2009 anapita kukazonda achibale, ndipo anabwerako ali duu, ataona makoma atang'ambika m'makona ngati nsalu. Kuchokera tsiku limenelo sanavomerenso nyumba yopanda bimu yozungulira pamwamba pa mawindo, ngakhale mwini wake adandaule bwanji za mtengo wa zitsulo. Mvula ya mu Epulo 2016, imene inagwetsa nyumba zambiri mumzinda muno, inawawonjezera lamulo lina: ngalande kaye, khoma pambuyo. Mzuzu ndi wa zitunda ndi madambo, mvula yake imachedwa kusiya, ndipo dothi lathu lofiirali likakhuta madzi silimva za munthu. Lamulo la mu 2018 loletsa njerwa zootcha pa zomangamanga zikuluzikulu litabwera, ife tinasamukira ku mabuloko a simenti ngakhale pa nyumba za anthu, chifukwa bambo ankamva chisoni ndi mitengo imene inkathera m'mauvuni.

Mabulokowo ndi amene anatipweteka kwambiri mu Novembala 2023, pamene kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti. Ndi mayi eni nyumba ya ku Luwinga tinali titagwirizana kale mtengo wa nyumba yonse, makoma ali m'mawindo. M'masiku ochepa simenti, malata ndi zitsulo zinakwera moti mawerengero athu onse anasanduka mapepala chabe. Wogulitsa wina amene tinali titamulipira kale malata anakana kutipatsa mpaka titawonjezera ndalama. Pasanathe milungu itatu bambo anagwa pamalo a ntchito pomwepo, akuyeza pakhomo la kukhitchini. Anali matenda a sitiroko. Mkono ndi mwendo wakumanja zinafooka, mawu anatsekeka.

Usiku woyamba ku Mzuzu Central Hospital amayi anandipatsira hadikava ya bambo imene anaipeza m'thumba la jekete lawo. Ndinaitsegula pakhonde la wodi ndi tochi ya foni. Masamba ake anali ofiira ndi zala za dothi, zonse zolembedwa ndi pensulo: thumba lililonse la simenti, ulendo uliwonse wa mchenga ndi kwale, ganyu aliyense ndi masiku ake. Patsamba lina analemba kuti, "Matumba 3 anyowa, sindinafunditse bwino, achotsedwe pa malipiro anga." Mwini nyumba anali kutali ku Johannesburg, sakanadziwa n'komwe. Ndinalira pamenepo kuposa mmene ndinalirira powaona ali pa bedi, ndipo ndinadziwa kuti ntchito imeneyi sitiithawa, zivute zitani.

Choyamba ndithokoze inu mayi eni nyumba. Ndinakuimbirani pa WhatsApp manja akunjenjemera, ndikuganiza kuti munena kuti tibweze ndalama zanu. Inu munayamba mwafunsa za bambo, kenako munati ndikutumizireni chithunzi cha tsamba lililonse la m'hadikava muja. Mutawerenga munavomera kuti tigawane kukwera kwa mitengoko, ndipo munatilola kuti tizimanga pang'onopang'ono monga mmene ndalama zikupezekera. Ndikudziwa mmene ndalama ya ku Joni imavutira kuipeza, ndi mmene mumadzimanira kuti mutumize. Mulungu akudalitseni, mayi.

A folomani athu, amene mwagwira ndi bambo kuyambira ine ndili wa pulayimale, inu munakhala bambo wachiwiri. Munandiphunzitsa kumva ndi chala ngati mchenga uli ndi dothi, ndi kudziwa buloko losathiriridwa mokwanira pongoligogoda. Simunandichititsepo manyazi pamaso pa anyamata, ngakhale tsiku limene ndinalakwitsa kuwerengera matabwa a denga. Munangonditengera kuseri kwa nyumba n'kundionetsa pa mchenga. Mabilidala, akalipentala, a zamapaipi, a magetsi ndi amayi otunga madzi, munagwira miyezi iwiri pa theka la malipiro, nthawi imene ufa ndi sopo zinali zitakwera kwa inunso. Ena anakuitanani ku ntchito zina za ndalama zabwinoko, munakana. Ngongole yanu tamaliza kubweza, koma chimene munatichitira sichibwezeka ndi ndalama.

Akuluakulu a shopu ya zipangizo pafupi ndi msika waukulu, munatipatsa simenti pa ngongole popanda kulemberana kalikonse, n'kungoti bambo anu sanandithawepo. A dalaivala a lole ya mchenga, amene kumapeto kwa 2024 munagona pamzere wa mafuta masiku awiri kuti ife tisaime, yewo chomene. Madokotala, anamwino ndi a fiziyo amene munawaphunzitsanso bambo kuponda pansi, amayi a kumpingo amene munkasinthana kubweretsa phala kuchipatala m'mawa wozizira wa Mzuzu, amalume amene munagulitsa ng'ombe ku Mzimba osatiuza n'komwe kuti ndalamayo yachokera kuti, zikomo, zikomo kwambiri.

Mchimwene wanga, tinakanganapo kangapo pa za ndalama, koma tsiku lililonse unkadzuka mbandakucha kukatsegula stolo ya zipangizo. Amayi, inu munasamala wodwala usana ndi usiku, ndipo chitini chija simunachisiye.

Kampani ikupitirira. Panopa tikuyang'anira nyumba ziwiri, ina ku Katoto ina ku Mchengautuwa, ndipo eni ake amalandira zithunzi ndi malisiti Lachisanu lililonse monga bambo ankachitira. Hadikava ndagula yatsopano, koma ndimalembamo ndi pensulo.

Loweruka lija tinawatenga bambo pa galimoto. Amayenda ndi ndodo tsopano, mawu amatuluka amodziamodzi. Anthu akuimba ndi kululutira pabwalo, iwo analowa m'nyumba pang'onopang'ono, a folomani atawagwira m'khwapa, mpaka pakhomo la kukhitchini pamene anagwera paja. Anakodola ndi mutu kuti awapatse levulo. Anaiika pafelemu ndi dzanja lamanzere, kadontho ka m'levulomo kanakhala pakati penipeni. Anandiyang'ana nthawi yaitali, kenako anati, "Zili bwino, mwanangu," n'kundipatsa levuloyo kuti ndisunge.